Munthu Amene Anawamba Mavayolini

Anzanga, ngati lero mwadzuka mukudziona ngati chitsiru cha mudzi wonse, kokani mpando. Ndikuuzeni za Overtoun Longwe wa ku Kande, chifukwa pa nkhani yochita manyazi pagulu, inu simunayambe n'komwe.

Tsiku lina mu Julaye 2022, Overtoun anatsika lole pa Kande atasenza thumba la ufa. M'thumbamo munalibe ufa. Munali zidutswa za mavayolini anayi, okhawo amene gulu lawo loimba linali nawo, ndipo amene anawawononga anali iye mwini. Anzake makumi awiri amene anatsika naye lole ija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutsanzika.

Overtoun sanali munthu wa sukulu. Makolo ake anamwalira ali Sitandade 6, sukulu n'kuthera pomwepo. Anakulira kwa amalume ake okhoma maboti, ndipo ntchito imene anaidziwa inali imeneyo: kuchotsa thabwa lowola, kuikapo lina, kumata phula. Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi, chinthu chimodzi chokha chimene ankayenda nacho chifuwa chili patsogolo chinali chakuti anali membala wa Bandi ya Madamu.

Madamu ake anali a Evelyn, mphunzitsi wa sekondale wochokera ku Ntcheu. Iwo gulu lawo ankalitcha okesitira, koma lilime la pa Kande linakana, anthu n'kungoti Bandi ya Madamu. Munali asodzi, namwino, wapolisi mmodzi, akabaza awiri, ndi amayi ogulitsa usipa pamsewu. Lachitatu ndi Loweruka masana ankakumana m'kalasi, mabenchi atakankhidwira kukhoma. Anali ndi malipenga atatu amkuwa, malipenga a zikho ovinira gule, zitoliro, ng'oma zisanu, ndi mavayolini anayi amene mphunzitsi wakale wa Madamu anawasiyira pomwalira. Ankaimba pa maukwati, pa maliro, ngakhale pakhonde la chipatala kusangalatsa odwala, ndipo palibe amene ankalandira kalikonse.

Ntchito ya Overtoun inali ng'oma. Ng'oma ikazizidwa imalefuka, mawu ake amagonthera, ndiye umaiwamba pamoto mpaka chikopa chikungike. Pa ntchito imeneyi panalibe womuposa. Ankaigogoda ndi chala kamodzi kokha n'kudziwa kuti yatsala pang'ono kapena yakwana.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku Usisya, yowaitana kuti akaimbe konsati yawo yoyamba yaikulu. Eee, chisangalalo chake! Anakwera lole mpaka ku Nkhata Bay, kenako boti la injini. Panyanja mwera unawapeza, madzi akuwaza m'botimo ulendo wonse, moti anafika aliyense ali chonyowa, katundu yense atazizira.

Anzake atapita kukasintha zovala, Overtoun anasonkha moto kuseri kwa sukulu n'kundandalika ng'oma. Kenako, poti ndi munthu wa khama, anatsegula mabokosi a mavayolini kuti aone ngati madzi analowa. Anakhudza chingwe chimodzi. Mawu ake anamveka olefuka ngati a ng'oma yozizidwa.

Inu mukanatani? Munthu amene moyo wake wonse akudziwa kuti choimbira chikalefuka mankhwala ake ndi moto? Anawandandalika onse anayi pafupi ndi ng'oma, mwaulemu ndithu, n'kupita kukatola nkhuni zina.

Ali kutchire anangomva thaa! Kenako thaa! thaa! Pofika anapeza zingwe zitaduka, vanishi akuwira, makosi atagweramo, matabwa atakanganuka ngati chinangwa chosendedwa. Tsoka silinunkha.

Konsati ija inaimbidwa ndi malipenga ndi ng'oma zokha. Amayi anayi a mavayolini anakhala pabenchi atavala yunifolomu yawo yatsopano, manja ali pamiyendo, anthu a ku Usisya akuwayang'ana. Mtsogoleri wawo anali Beatrice, wogulitsa usipa, ndipo ndi iye amene anamupeza Overtoun akutolera zidutswa.

"Zaka ziwiri, Ada Longwe," anatero, misozi ikutsika. "Zaka ziwiri ndikusamba m'manja ndi ndimu ndisanaigwire, kuopa kuinunkhitsa usipa. Inu n'kuiwamba ngati nsomba?"

Madamu sanakalipe, ndipo kusakalipako kunawawa kwambiri. Anangoti, "A Longwe, kapumeni kaye kunyumba."

Mbiri inathamanga kuposa lole. Pa doko eni maboti anayamba kuuzana kuti, "Ameneyo musamupatse boti, aliwamba." Alick, kabaza woimba lipenga, munthu wa pakamwa ngati lumo, akamadutsa pa njinga ankakuwa kuti, "Ada Longwe, ndili ndi wailesi yozizidwa kunyumba, ndibweretse?"

Choopsa chenicheni chinali kugulu. Amayi anayi aja anasiya kubwera, poti akaimba chiyani? Ena nawonso anayamba kujomba. Madamu anauza otsalawo kuti a ku Usisya awaitananso Julaye wa chaka chamawa, koma ngati pofika nthawiyo mavayolini adzakhale kulibe, iwo sadzapita, ndipo gulu lidzathera pomwepo. Ogula atsopano panalibe. Overtoun atamva zimenezi anadziwa kuti sanaphe matabwa okha ayi, wapha Bandi ya Madamu.

Anakhala m'nyumba masabata atatu, thumba lija lili pakona, osalikhudza. Amene anatopa nazo anali mkazi wake, Lusizi, mayi wosadziwa kunyengerera. M'mawa wina analikokera pakhonde.

"Bambo a Praise, thumba ili ndisonkhezere moto, kapena muchita nalo kanthu? Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Overtoun analikhuthula pansi mokwiya. Anatola chidutswa chimodzi kuti achiponye kutali, koma dzanja linaima m'malere. Aka kanali koyamba kuona vayolini mkati. Anaona thabwa lapansi losemedwa mokumbika, nthiti zopindidwa m'mbali, kamtanda kolimbitsa kogona chamtali.

"Lusizi! Iwe Lusizi, bwera udzaone! Ili ndi boti!"

"Mwayamba misala tsopano?"

"Ndi boti ili, mayi! Kaboti kakang'ono kokhala ndi chivindikiro! Anthu akunjawa atipusitsa zaka zonsezi!"

Anatenga guluu amene anasungunuka m'mbali mwa zidutswazo, n'kumunyowetsa ndi madzi otentha, n'kununkhiza. Fungo lake analidziwa nthawi yomweyo, fungo la chikopa chowiritsa, lomwe lija amalimva akamakonza ng'oma. Munthuyo anavina pakhonde ali yekha, nkhuku zikuthawa.

Tsiku lomwelo anapita kusukulu n'kugogoda pa ofesi ya Madamu. Anapempha uta umodzi woimbira ndi zingwe zotsala. Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula kabati.

"Tengani," anatero. "Koma uwu wokha musauwambe."

Musaganize kuti zinayenda pompo. Vayolini yoyamba anaipanga ngati mmene amapangira boti: matabwa a mlombwa ochindikala, misomali, ndi phula m'mbali kuti isadonthe. Isadonthe chiyani, inu? Inkalemera ngati mpando. Atakoka uta, mbuzi ya aneba inayankha, ndipo Lusizi anaseka mpaka kukhala pansi.

Yachiwiri anaipala kwambiri, inang'ambika akukunga zingwe. Yachitatu khosi linapindika. Yachinayi guluu anakana kugwira, chifukwa anali asanadziwe kuti zikopa zopangira guluuyo ziwire nthawi yaitali bwanji. Chilichonse chikakanika, ankabwerera kuzidutswa zija n'kuzifunsa ndi maso kuti walakwitsa pati.

Pang'onopang'ono zidutswazo zinayamba kumuyankha. Anazindikira kuti thabwa lapamwamba ndi lopepuka ndipo lapansi ndi lolimba. Anakwera minibasi mpaka pa Mpamba kukapempha zodulira za paini kwa ocheka matabwa, ndipo mbawa anaipeza pa chitseko chakale chimene munthu wina anataya. Ankapala ndi chidutswa cha botolo, kupala pang'ono, kugogoda ndi chala, kumvetsera, kupalanso. Khutu lomwe lija la ng'oma ndi limene linkamuuza kuti apa pakwana.

Nanga nthiti zija azipinda bwanji? Apa ndi pamene ine ndimasekera. Anatenga paipi yachitsulo, n'kusonkha moto pansi pake, n'kumakhotetsa timatabwa tonyowa pa paipi yotenthayo, monga mmene amalume ake ankakhotetsera matabwa a boti. Moto womwe uja unamuchititsa manyazi unali tsopano wantchito wake.

Masana ankamata maboti a anthu ochepa amene ankamukhulupirirabe, akaweruka n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi botolo lake. Mvula inabwera n'kupita. Zala zinachekeka mpaka zinasiya kumva kuwawa.

Mu Epulo anamaliza yachisanu ndi chimodzi. Inali yokongola, abale, yosalala, yopepuka, moti ukaiika pambali pa ya kusitolo ukanafunsa kawiri. Anakoka uta. Mawu anatuluka, inde, koma ngati a munthu amene akulankhulira m'ndowa.

Pamenepo mtima wake unasweka. Kunatsala miyezi itatu, nzeru zonse zinali zitatha, ndipo kugulu kunkabwera anthu asanu ndi awiri okha. Anaika vayolini ija pansi n'kuuza mkazi wake kuti, "Basi. Ine ndi wokhoma maboti. Sonkhezera moto."

Lusizi anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini kake kosungiramo singano ndi mabatani. Anatulutsamo timitengo tinayi tozungulira, tating'ono ngati zidutswa za pensulo.

"Tinagwa m'thumba lija tsiku munalikhuthula. Ine ndinasesa, koma ndinaona kuti n'tosemedwa bwino, tonse tofanana. Munthu sangaseme kanthu kotere popanda chifukwa."

Overtoun anatola thabwa lapamwamba la vayolini yakale n'kulitembenuzira padzuwa. Mkati mwake munali kachizindikiro kozungulira. Anayang'ana lapansi, kachizindikiro komweko, malo ofanana. Kamtengo aka kankaima mkati, kulumikiza pamwamba ndi pansi, ndipo iye miyezi isanu ndi inayi yonse sanadziwe kuti kaliko!

Kukaimika kunali nkhondo. Anapinda sipoko ya njinga, n'kubaya kamtengo, n'kukalowetsa pa kabowo ka vayolini. Kanagwa. Anakagwedeza mpaka kutuluka, n'kuyambiranso. Kanagwanso. Lusizi anawerenga mpaka makumi atatu n'kusiya. Tsiku lachiwiri dzuwa lili pamutu, kanaima.

Anakoka uta, ndipo mawu amene anatuluka anadzaza bwalo lonse, oyera, akuya, onjenjemera ngati a munthu woimba kuchokera pansi pa mtima. Mayi wina amene ankadutsa ndi dengu la chinangwa anaima. Mbuzi ija sinayankhe.

Overtoun sanavale ngakhale nsapato. Anathamanga mpaka pamsewu pamene Beatrice ankagulitsa usipa. Mayiyu anali asanamulankhule chichokereni ku Usisya, ndipo atamuona anatembenukira kumbali.

"Ama Beatrice, sindinabwere kudzapepesa ndi pakamwa. Ndapepesa ndi manja. Yesani."

"Chotsani chidole chanucho, mundithamangitsira makasitomala."

"Kamodzi kokha. Ikalira ngati mbuzi, muiphwanye pamutu pangapa."

Beatrice anaiyang'ana cham'mbali. Anayang'ananso. Kenako anaimirira, n'kupita pa benchi la mnzake wogulitsa zipatso, n'kutenga ndimu, n'kuidula pakati, n'kuyamba kusamba m'manja. Overtoun ataona ndimu ija, anamupatsa vayolini ija ndi manja awiri.

Beatrice anaiika pakhosi n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi imene anaikonzekera zaka ziwiri koma osaiimba. Msika unangoti zii. Minibasi ina inali itaima pomwepo, kondakitala pakamwa pali yasa, osaitanira, okwera atatulutsa mitu pa mawindo. Atamaliza, anthu anaomba m'manja, amayi akululutira, wina akumenya beseni.

Beatrice anapukuta maso ndi chitenje, n'kumuyang'ana Overtoun koyamba m'miyezi isanu ndi inayi.

"Zina zitatu zili kuti?"

Loweruka lotsatira anakaiimba pamaso pa Madamu. Madamu anaitembenuza uku ndi uku, n'kusuzumira mkati, n'kufunsa kuti waigula kuti. Atauzidwa, anagwira pakamwa. Kenako anamenya tebulo n'kunena kuti, "Tikupita ku Usisya!"

Koma zitatu m'miyezi itatu, munthu mmodzi sakanatha. Mutu umodzi susenza denga. Mawa lake pansi pa mango paja panafika namwino ndi sandipepa, wapolisi ndi mpeni, amayi aja ndi mphika wowiritsira zikopa. Womaliza kufika anali Alick, atakwezera matabwa a paini pa njinga yake ya kabaza, nkhope ili pansi.

"Ada Longwe, pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndipatseni botolo ndipale."

Bwalo la Overtoun linasanduka msonkhano. Uyu akupala, uyu akupaka vanishi, Alick akuimba lipenga kuti anthu asagone, Lusizi akukalipira aliyense woponda ndiwo zake zamasamba. Yomaliza anaikunga zingwe kutatsala masiku anayi.

Julaye 2023, boti lomwe lija, mwera womwe uja, madzi akuwazanso. Koma ulendo uno mavayolini anali atakulungidwa m'mapulasitiki, amayi anayi atawakumbatira pachifuwa ngati makanda. Atafika, ng'oma zinali zitalefuka, ndipo Overtoun anasonkha moto kuseri kwa sukulu, pamalo pomwe paja. Alick sakanapirira.

"Ada Longwe, mavayolini tibweretse?"

Gulu lonse linaphulika kuseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali Overtoun.

Anthu anatsika m'mapiri, ena anabwera pa mabwato kuchokera ku Ruarwe, chifukwa aliyense ankafuna kuona zoimbira za munthu uja anawamba mavayolini. Ambiri, tinene zoona, anabwera kudzaseka. Madamu anakweza dzanja. Ng'oma zinayamba pansipansi, zitoliro n'kulowa, malipenga amkuwa ndi a zikho n'kuyankhana, kenako onse anatsitsa mawu, amayi anayi aja n'kukoka mauta awo limodzi.

Abale, ine ndilibe mawu okwanira. Madoda amene anabwera kudzaseka anavula zipewa. Nyimbo yachitatu isanathe bwalo lonse linali litaimirira, fumbi kobo, anthu akuvina, amayi akuponya zitenje m'mwamba. Nyimbo yomaliza anaibwereza katatu chifukwa anthu ankakana kubalalika.

Pamapeto Madamu anaitana Overtoun kutsogolo. Anauza khamulo kuti, "Uyu ndi munthu amene chaka chatha anawononga mavayolini a mphunzitsi wanga. Ndinaganiza kuti mawu a mphunzitsi wanga apita mpaka kalekale. Lero mwamva nokha zimene manja ake apanga."

Overtoun anapukusa mutu. "Madamu, pali chimene sindinakuuzeni. Mawu a aphunzitsi anu sanapite. Timitengo tija taima mkatimu sindinaseme ine ayi. Ndi tomwe tija tinali m'mavayolini awo, kamodzi m'vayolini iliyonse. Moto sunatikhudze."

Madamu anatenga vayolini ya Beatrice, n'kuipendeketsa padzuwa, n'kusuzumira pa kabowo. Mayi amene sanalire tsiku la moto lija analira pamaso pa Usisya yense. Atatha anagwira dzanja la Overtoun ndi manja awiri n'kumuthokoza m'Chitonga chake chothyokathyoka, "Yewu, Ada." Anthu anakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

Lero Bandi ya Madamu ili ndi mavayolini khumi ndi imodzi, onse ochokera pansi pa mango paja, ndipo Loweruka anthu amabwera kuchokera ku Chintheche kudzaphunzira. Overtoun akuyesa kupanga yaikulu yoimika pansi, yakanika kale kawiri, ndipo iye akuti zili bwino, yachisanu ndi chimodzi sinafike. Dzina lija la wowamba mavayolini silinachoke, koma masiku ano amalitchula ndi ulemu.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa muli ndi thumba lanu pakona. Mwina ndi mayeso amene munalephera, mwina geni imene munagwetsa ndi manja anu, mwina cholakwa chimene mudzi wonse ukuchidziwa. Mwaliika pamenepo ndipo mukuopa kuliyang'ana. Overtoun akanalola kuti lisonkhezere moto, bwenzi lero ali chabe munthu amene anapha gulu la anzake.

Likhuthuleni pansi. Yang'anani mkati mwa chimene chinaswekacho, chifukwa chinthu chikakhala chathunthu sichikuonetsa mmene chinapangidwira. Mudzalephera koyamba, mbuzi idzakuyankhani, anthu adzaseka, ndipo inu mudzapalenso. Osataya mtima, m'bale wanga. M'zidutswa zanuzo muli kamtengo kamene moto sunakakhudze, katoleni mukaimike.